Mphutsi zikuthawa chifukwa chinyezi chachuluka

Achimwene, mwati m'beseni lomwe mukuwetera mphutsi mukununkha ndipo mphutsizo zikuthawa. Chepetsani madzi ndi chakudya, fungolo litha ndipo mphutsi zanu za black soldier fly (mtundu wa ntchentche zakuda zomwe mphutsi zake amadyetsa ziweto) zisiya kukwera m'mbali mwa beseni. Tapani zotsala za chakudyazo mufinye m'dzanja. Madzi akachucha pakati pa zala, thiranimo utuchi wouma, muboolenso timabowo pansi pa beseni.

Ine ndimawonjezera chakudya pokhapokha choyamba chikatha, chifukwa chikaunjikana chimasasa, mpweya sulowa, mphutsi n'kumathawa. Koma ngati zothawazo zada, musadandaule, zakhwima ndipo zikufuna pouma. Zipatseni nkhuku, zina musunge zisanduke ntchentche zoikira mazira.

Ndowe za mphutsizo ziyambe zawola bwino musanathire m'munda, zaziwisi zimawotcha mbewu zanthete. Nkhuku zikayamba kutsegula m'mimba kapena kufooka, itanani alangizi a ziweto msanga.