Mafunso a Owerenga: Zala Zothamanga Kapena Nyimbo Yochokera Mumtima?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mnyamata wa ku Santhe m'boma la Kasungu, ndipo ndimayimba kiyibodi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Miyezi yapitayi ndinapeza pa YouTube nyimbo za magulu a ku Italy a m'zaka za m'ma 1970, za mtundu umene amautcha progressive rock, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikugona mochedwa poyesa kutsanzira mmene anthuwa ankathamangitsira zala. Koma malume anga, amene ndi katswiri wa ng'oma m'mudzi mwathu, atamvetsera pafoni yanga kwa kanthawi anangopukusa mutu n'kunena kuti awa ndi matama chabe, nyimbo mulibemo. Kodi chinakweza magulu amenewa ndi luso la zala kapena mphatso yopeka nyimbo? Nanga ine ndilimbikire chiti?

YANKHO: Achimwene, musafulumire kuwatsutsa malume anuwo, chifukwa pa magulu ambiri a nthawi imeneyo akunena zoona. Pakati pa 1971 ndi 1975 ku Italy kunabuka magulu ochuluka zedi otsanzira a ku England monga King Crimson, Genesis ndi Emerson, Lake and Palmer, ndipo ambiri a iwo anatulutsa chimbale chimodzi chokha n'kuzimiririka. Zina mwa zimbale zimenezo ndi zabwino, koma zina mukazimvetsera mumangoona anyamata akupikisana kuti wothamanga kwambiri ndani, nyimbo ikusintha liwiro kasanu musanaigwire n'komwe. Kumene malume aphonya ndi kuyesa kuti onse anali otero.

Tiyambe ndi Premiata Forneria Marconi ya ku Milan, imene anthu amangoitchula kuti PFM. Anyamatawa asanatchuke ankagwira ganyu m'masitudiyo, kuyimbira zida oyimba otchuka monga Lucio Battisti ndi Fabrizio De André, ndipo kumeneko n'kumene ananola luso lawo. Franco Mussida pa gitala, Flavio Premoli pa kiyibodi, Franz Di Cioccio pa ng'oma ndi Mauro Pagani pa vayolini ndi chitoliro anali anthu oti chilichonse chimene mungawayikire patsogolo akanachiyimba. Komatu nyimbo imene anthu a ku Italy amawakumbukira nayo kufikira lero, Impressioni di settembre ya mu 1971, ndi yodekha kwambiri. Imayamba ndi gitala wapansipansi ndi mawu a munthu amene akuyenda m'munda m'mamawa mame asanakamuke, ndipo ikafika pamene mukuyembekezera kolasi, woyimba amakhala chete, n'kusiyira chida chamagetsi chotchedwa Moog kuti chiyimbe chuni chachifupi chimene inuyo mungachiphunzire madzulo amodzi. Chovuta sichinali kuyimba chunicho ayi. Chovuta chinali kuchipeza, komanso kulimba mtima kuti anthu odziwa zambiri chotere achisiye chili chomwecho osachikometsera.

Mbiri ya gulu lomweli ili ndi phunziro lina limene ine ndimaliona ngati umboni waukulu pa nkhaniyi. Mu 1973 PFM inatengedwa ndi kampani ya Manticore, imene eni ake anali a Emerson, Lake and Palmer, ndipo inajambulanso nyimbo zake zambiri m'Chingerezi pa chimbale cha Photos of Ghosts, mawu ake atalembedwa ndi Peter Sinfield. Zala zinali zomwezo, zida zomwezo, ndipo chimbalecho chinawatsegulira njira ya ku Britain ndi ku America. Koma mukamvetsera nyimbo imodzimodziyo m'Chitaliyana kenako m'Chingerezi, mumamva kuti m'chilankhulo chobwerekacho woyimba akuponda mosamala ngati mlendo wolowa m'nyumba ya apongozi. Luso silinachepe ngakhale pang'ono, koma kanthu kena kanatsala kwawo. Pofika mu 1977 nyimbo zawo zinali zitapendekera ku jazz yovuta, yosiririka kwa oyimba anzawo koma yosakhalitsa m'mutu mwa munthu wamba. Chinawabweza pakati pa anthu awo ndi ulendo umene anayenda ndi De André mu 1978 ndi 1979, pamene luso lawo lonse analipereka potumikira nyimbo za mlakatuli amene mphamvu yake inali m'mawu.

Apa mpamene ndikufuna mumvetse kuti mphatso imene mukufunsayi si chinthu chongogwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Pa magulu abwino a ku Italy inkachokera m'nthaka yawo: chilankhulo chawo chokonda kutalikitsa mawu, zisudzo zoyimba za opera, limba la m'tchalitchi, ndi magule a kumidzi monga tarantella. Banco del Mutuo Soccorso ya ku Rome inali ndi abale awiri, Vittorio ndi Gianni Nocenzi, onse pa makiyibodi, ndipo mmene ankalukira piyano ndi limba pa zimbale zawo za 1972 ndi 1973 n'zoti wophunzira angataye mtima. Koma chimene chimagwira munthu ndi mawu a Francesco Di Giacomo, bambo wamkulu thupi wa ndevu zambiri, amene ankayimba ngati wolira maliro a mbale wake. Mutachotsa mawu akewo, mbali zina za nyimbozo zingatsale ngati masamu. Le Orme ya ku Venice inali ya anthu atatu okha, ndipo pa kuthamanga kwa zala sinkafika pa PFM kapena Banco, komabe chimbale chawo cha 1973 chonena za maiko awiri a mumlengalenga, lina lachimwemwe lina lachisoni, chimakondedwa mpaka pano chifukwa cha machuni ake osavuta kung'ung'uza.

Pali gulu limodzi limene limasokoneza zonse ndanenazi, ndipo sindingalibise. Area inali ndi woyimba dzina lake Demetrio Stratos, wobadwira ku Alexandria m'dziko la Egypt mu 1945 kwa makolo a Chigiriki, amene anaphunzitsa kholingo lake mpaka kumatulutsa mawu awiri nthawi imodzi. Anzake ankayimba mowerenga kasanu ndi kawiri pamene ife tinazolowera kanayi, potengera magule a kumaiko a Balkan. Kwa iwowa kuvutako sikunali chokometsera chabe, chifukwa nyimbo zawo zinali zandale, zotsutsa, ndipo ankafuna kuti womvera asakhale phee pampando. Stratos anamwalira ku New York mu 1979 ali ndi zaka 34. Mwina malume anu sangamukonde, koma sindikhulupirira kuti angamunene kuti ndi wamatama, pakuti munthu wodzionetsera amafuna kuti mumuombere m'manja, pamene uyu ankafuna kuti musowe tulo.

Tsono funso labwino pomvetsera si lakuti kodi chigawo ichi n'chovuta motani, koma lakuti kodi titachichotsa nyimbo ingasowe kanthu. Malume anu akulidziwa bwino funso limeneli, ngakhale sanamvepo dzina la Milan. Wa mbalule pabwalo amayamba wawamba ng'oma yake pamoto n'kumata phula pakati, ndipo manja ake amatha kuchita zodabwitsa, koma maso ake sachoka pamapazi a wovina. Akangoyamba kudziyimbira yekha, wovina amasokonezeka, amayi amasiya kuomba m'manja, ndipo akuluakulu amamulanda ng'omayo ngakhale akhale wodziwa chotani. Komanso palibe amene amapatsidwa mbalule chifukwa chongokhala ndi mtima wabwino. Amayamba zaka zambiri ali pa ng'oma zothandizira, kugunda chimodzimodzi osatopa.

Kunena za inu, musasiye kunola zala, chifukwa chuni chikadzakufikirani usiku wina chidzafuna manja otha kuchigwira. Koma pa ola lililonse limene mumathera potsanzira anthu a ku Italy, patulani mphindi zina zoyimba nyimbo imodzi ya kwanu ndi dzanja limodzi lokha, pang'onopang'ono, mpaka mutamva pamene ikupumira. M'kwaya, makamaka Lamlungu, yesani kusiya mpata pamene munazolowera kudzaza, kuti mawu a amayi a alto amveke. Ndipo mukadzapitanso kwa malume, musawayikire zija zothamanga zimene munawayikira poyamba. Ayikireni nyimbo yodekha ija ya mu 1971, musanene kanthu, muzingoyang'ana phazi lawo.