Funsani Agogo: Kodi kusowa tulo chifukwa cha ufa ndi tchimo?

Agogo, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Domue, m'boma la Angónia. Bambo a kunyumba anapita ku Moatize mu Seputembala kukafuna ntchito ku migodi ya malasha, ndipo mpaka lero sanatumize ngakhale metikali imodzi. Chimanga cha m'nkhokwe sichifika Febuluwale. Usiku sindigona. Mnzanga wa kutchalitchi akuti nkhawa yangayi ndi kusakhulupirira, poti Yesu anati tisadere nkhawa za mawa. Akutinso nyemba za mbewu zomwe ndasunga m'chigubu ndingophika, Mulungu adzapereka zina. Kodi ndikuchimwa?

Mwana wanga, simukuchimwa. Mayi amene amagona tulo tofa nato ana ake alibe chakudya, ameneyo ndiye ndingamudere nkhawa.

Ine njala ndimaidziwa. Mu 1988 tinathawa nkhondo kwathu ku Tsangano, tinaoloka malire kulowa ku Ntcheu ndili ndi mwana kumsana, poto mmodzi pamutu. Tsiku lachitatu tisanalembedwe pa mndandanda wa olandira chakudya, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango osatha ngakhale kupemphera bwino. Mawu omwe ankatuluka anali a pemphero la Ambuye basi, pamene pamati mutipatse lero chakudya chathu chalero. Dzuwa litapendeka kunabwera mayi wina wa m'mudzimo, sindinkamudziwa, atanyamula mbale ya mgaiwa yovindikira ndi kansalu, pamwamba ataikapo nkhwani ndi mchere wokulunga m'pepala. Anangoti, “Phikirani mwanayo.” Ufa umenewo unatha usiku womwewo. Mawa lake kunabwera wina. Tinakhala choncho mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo chaka chotsatira tinabwerera kwathu.

Chimene ndinaphunzira pansi pa mtengo uja ndi mawu akuti “chathu”. Yesu sanatiphunzitse kupempha chakudya changa. Nthawi zambiri yankho la pemphero lanu limakhala m'nkhokwe ya mnzanu, ndipo la mnzanu limakhala m'yanu. Paja akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Tsono musabise vutoli chifukwa cha manyazi. Lamlungu likudzali muwatengere pambali amayi akuluakulu a mumpingo mwanu, muwauze mosapita m'mbali kuti ufa watsala wa masabata angati. Ambiri timafa ndi “tili bwino” nkhokwe ili mbee.

Za mana, chakudya chimene Mulungu ankapatsa Aisraeli m'chipululu, werengani Eksodo 16 mofatsa. Mana sinkagwera m'poto. Anthu ankalawirira kukatola, muyeso wa omeri imodzi pa munthu, chifukwa dzuwa likatentha inkasungunuka. Kwa inu kutolako ndi ganyu wa kupalira ndi kubandira, yemwe miyezi ino amapezeka, kapena kukumba kachewere m'madimba a anzanu. Ngati n'kotheka, pemphani kuti akulipireni chimanga m'malo mwa ndalama, chifukwa Januwale ndi Febuluwale mtengo wa ndowa umakwera sabata ndi sabata. Koma musathere masiku onse m'minda ya eni, munda wanu n'kudyedwa ndi udzu, poti njala ya chaka chamawa imayambira pomwepo.

Mnzanuyo ndikumumva, mwina wakumbukira kuti mana yogonetsa inkachita mphutsi n'kununkha. Zoona. Koma Mulungu yemweyo ndiye anapatsa Yosefe nzeru yosunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola za ku Ejipito kwa zaka 7, ndipo anthu a mayiko ambiri anapulumukira pomwepo. Chimene Yesu akuletsa pa Mateyu 6 ndi nkhawa ija yokutafuna mtima mpaka kuiwala kuti uli ndi Atate. Kuwerengera ufa ndi kusunga mbewu sanaletse.

Usiku tulo tikakana, musadzidzudzule. Dzukani, tchulani ana anu mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu, muwatchulenso bambo awo. Ku Moatize ntchito sipezeka msanga monga anthu amaganizira, ndipo amuna ambiri amangokhala chete chifukwa cha manyazi. Muwaimbire foni, muwauze kuti ngakhale abwere chimanjamanja khasu lawo likuwadikira.

Nyemba zija musaphike. Thiranimo phulusa kuti zisafumbwe, mutseke chigubucho bwinobwino, ndipo nthawi yake ikakwana mukabzale.