Chigoba cha amalume chili ndi nkhope ya mzimayi, ndichigulitse zingati?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena omwe amalume awo anagwirako ntchito kudoko la Beira kalekale, ndiye atamwalira anawasiyira chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja yamchere, chofiirira ngati lalanje, chokhazikidwa pa kachitsulo koyera, pamsana pake anajambulapo nkhope ya mzimayi mochita kugoba. Akufunsa kuti ndi chani komanso angachigulitse zingati, ndipo akuti akufuna ayambe achitsuka ndi viniga kuti chiwale.

Achemwali chonde vinigayo ayi. Chigoba ndi laimu basi, asidi aliyense amachidya, ndimu ngakhalenso, mukangoviika nkhopeyo iyamba kusungunuka ndipo sizibwereranso. Kansalu kofewa konyowa pang'ono kakwana, komanso chichotseni pawindo chifukwa dzuwa limafufutsa mtundu.

Pa zithunzi mwatumizazi, mlomo wokhuthala wokhala ndi timano timano uja ukundiuza kuti ndi Cypraecassis rufa, nkhono yomwe imapezeka kugombe la Mozambique, Zanzibar mpaka Kenya, imakula pafupifupi masentimita 15. Zigoba zimenezi akhala akuzitumiza ku Italy kuyambira zaka za m'ma 1800, makamaka kutauni ya Torre del Greco pafupi ndi Naples, komwe kuli amisiri ogoba zomwe amati cameo. Chimene amachikondera ndichoti chili ndi magawo awiri, pamwamba poyera pansi pofiira, ndiye mmisiri amapala moti nkhope itsale yoyera kumbuyo kukhale kofiira, palibe penti olo dontho. Ine ntchito imeneyi imandigwira mtima kwambiri, munthu kukhala masiku ndi kachitsulo kakang'ono m'manja osalakwitsa mphuno.

Tsono za mtengo. Chigoba pachokha ndichotchipa, chimapezeka chambiri, ndalama ili pa luso la wogobayo ndi chitsulo chapansicho. Tengani tochi ya foni muwalitse mkati usiku, ming'alu yonse ioneka, ndipo mng'alu wodutsa pankhope umagwetsa mtengo zedi. Kenako yang'anani tsitsi ndi maso, ntchito yabwino tsitsi limaoneka chingwe chimodzichimodzi, pomwe zogobera alendo mwachangu nkhope imangokhala phwatalala. Onaninso ngati pali dzina logobedwa pambali, amisiri ena amasaina.

Chitsulocho chitembenuzeni. Mukaona 925 kapena 800 ndiye kuti ndi siliva, 800 ndi yomwe aku Italy amagwiritsa ntchito kwambiri, koma EPNS ndi chitsulo wamba chongokutidwa siliva pamwamba. Ngati anamata ndi guluu wamakono wotuluka m'mbali ndiye kuti mwina winawake anakonzako pambuyo pake.

Zakuti chakale kapena chosowa ndiye chodula musazidalire kwambiri. Kuli nkhono ina, Conus gloriamaris, yomwe olemera aku Ulaya ankalimbirana kwa zaka pafupifupi 200, koma mu 1969 osambira pansi pa madzi atazipeza zambiri ku Solomon Islands mtengo unatsikiratu. Ndiye nambala sindikupatsani pongoona zithunzi, lowani pa eBay, tsamba la pa intaneti logulitsirapo zinthu, mulembe cameo shell, musankhe zomwe zinagulidwa kale, osati zomwe anthu akungotchula mitengo, mufananize kukula ndi kagobedwe ndi chanucho. Wina akabwera ndi ndalama m'manja akukufulumizitsani, dikirani kaye mumve kwa anthu awiri atatu.

Munanenanso kuti m'kabati muli china chozungulira chonyezimira ngati ngale chokhala ndi tizipinda mkati. Chimenecho chikhoza kukhala nautilus, ndipo kuyambira 2017 chili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zomwe zili pangozi yakutha, kutanthauza kuti kuchigulitsa kunja kwa dziko pamafunika chilolezo, musangochiponya mu phukusi. Munditumizire chithunzi chake, komanso ngati pali kapepala kalikonse ka amalume kosonyeza komwe anagula ndi chaka, olo kakhale kong'ambika, kasungeni pamodzi ndi chigobacho chifukwa ogula enieni amakafunsa.