Kodi ndidikire kupuma pantchito kuti ndiyambe maulendo a panjinga?

Bambo wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Ali ndi zaka 51 komanso ana atatu, womaliza ali Fomu 2. Akuti amalakalaka kupalasa njinga m'mbali mwa nyanja mpaka ku Karonga, koma mayi akunyumba amaona ngati akuthawa udindo. Akufunsa ngati ndi bwino adikire kaye mpaka atapuma pantchito.

Achimwene, musadikire. Mawondo muli nawo lerowa sadzakhala chimodzimodzi mukadzafika zaka 60. Koma musayambenso ndi Karonga. Ulendo umenewo ukufuna masabata, ndipo pakhomo pamene pali mwana wa sukulu simungasowepo nthawi yonseyo popanda wina kusenza katundu wanu.

Yambani ndi usiku umodzi. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo mbali yaikulu mukutsetsereka. Nyamukani Loweruka mbandakucha, mukagone ku Senga Bay, Lamulungu mukweze njinga pa basi chifukwa pobwerera ndi chitunda. Mukazolowera, onjezerani Nkhotakota pa M5. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti: kunja kumazizira, ndipo mwera umaomba kuchokera kummwera, ndiye wopita kumpoto umamukankha kumsana. Okutobala musayerekeze, kunyanja kumatentha koopsa. Njinga ikhale wamba, yoti okonza njinga a pansi pa mtengo pamsika uliwonse angathe kuigwira.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya mayiwo, ndipo ine ndikuwamvetsa. Kwathu kuno njinga ndi ya kabaza, ya makala, yopitira kuchigayo. Bambo wamkulu kungoikwera kuti akaone malo, anthu amafunsa kuti kumeneko kuli ndani. Komanso misewu yathu ndi yopapatiza, malole amadutsa mokukhulani phewa, choncho mantha a mayiwo si opanda pake. Mukapita inu, sukulu ya ana, odwala, maliro a kumudzi, zonse zimatsalira iwo.

Ndiye musawauze ulendo Lachisanu usiku chikwama chili chomangamanga. Khalani pansi chaka chikamayamba, muone masiku a tchuthi chanu, mupatulepo ochepa a njinga, ambiri atsale a banja. Nthawi ya fizi ndi yogula feteleza isakhudzidwe, ndalama ya ulendo izichokera m'thumba lina lomwe mwasunga pang'onopang'ono. Chomwe abambo ambiri safuna kumva ndi ichi: masiku amene mwatenga inu, nawonso mayi atenge awo, apite kumene akufuna, inu mutsale ndi ana ndi mapoto. Muli panjira muziimba foni madzulo aliwonse, ndipo dzuwa likalowa musapalasenso.

Wa Fomu 2 uja mufunseni ngati angakonde kupita nanu pa holide. Akavomera, mubwerekereni njinga, ndipo ulendo wake woyamba ukhale waufupi, makilomita 30 akwanira.