Khobidi Lobadwa ndi Chilema ndi Khobidi Lochita Kuvulazidwa: Yankho kwa Bambo a ku Ulongwé

Bambo ena a ku Ulongwé, m'boma la Angónia, anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti anayamba kusunga makobidi mu 2006, pamene metikali yakale inkasinthidwa ndi yatsopano, ndipo tsopano munthu wina pa Facebook akuwatsatsa makobidi awiri amene akuti analakwika posula. Loyamba ndi la mametikali 10 lomwe chitsulo chake chapakati chinapendekeka, lachiwiri ndi la senti imodzi la ku America la chaka cha 1943 looneka lamkuwa. Wogulitsayo akufuna ndalama zifike kaye pa M-Pesa, katunduyo abwere pambuyo pa minibasi ya chapa. Funso lawo ndi lakuti: "Ndingadziwe bwanji kuti makobidiwa ndi enieni, nanga ndalamazo nditumize?"

Bambo, ndalamazo zikhale kaye m'foni mwanu. Khobidi limakhala ndi mtengo kwa osonkhanitsa makobidi ngati chilema chakecho linatuluka nacho m'fakitale yosulira ndalama, pomwe bala limene lalandira lili kale m'manja mwa anthu, kaya ndi la nyundo, la tupa kapena la tayala la galimoto, limangolitsitsa mtengo. Kuti musiyanitse ziwirizi muyenera kudziwa mmene khobidi limapangidwira. Chitsulo chimapsinjidwa mpaka chipyapyale ngati lata, makina amaboolamo tizitsulo tobulungira, makina ena amatikweza mkombero, ndipo pomaliza kachitsulo kalikonse kamapanidwa mwamphamvu pakati pa zidindo ziwiri. Cholakwika chenicheni chimachokera pa kachitsuloko, pa chidindo, kapena pa kudindako. Wogulitsa akalephera kufotokoza kuti chilemacho chinalowera pati mwa malo atatuwa, ndiye kuti mwina iyenso sakudziwa chimene ali nacho, kapena akuchidziwa bwino kwambiri.

Ine ndinaphunzira zimenezi nditataya ndalama. Zaka zapitazo ndinagula pamsika wina khobidi lobenthuka m'mphepete ngati mwezi wongooneka kumene, wogulitsa atandiuza kuti makina ndiwo analidula. Nditafika kunyumba ndinaliyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu, ndipo pobenthukapo panali timizere tosalala toyenda mbali imodzi, ntchito ya tupa. Pambuyo pake ndinadziwa kuti kachitsulo kakaduka kasanadindidwe, zilembo zoyandikira podukapo zimazimiririka pang'onopang'ono chifukwa chitsulo chinathawira kumeneko podinda, ndipo kawirikawiri mkombero wa tsidya linalo, moyang'anana ndi podukapo, umakhala wofooka. Langa lija zilembo zake zinali zakuthwa mpaka m'mphepete, kenako n'kungoduka mwadzidzidzi.

Senti ya 1943 ija ndiyo yandichititsa kukayika kwambiri. M'chaka chimenecho dziko la America linkafuna mkuwa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, choncho masenti anasulidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki. Tizitsulo tamkuwa towerengeka totsala chaka chapitacho tinalowa m'makina mwangozi, ndipo masenti amenewo ndi osowa kotero kuti imodzi yosulidwira ku Denver inagulidwa madola 1.7 miliyoni mu 2010. Munthu amene ali ndi chinthu chotere sangachipatse kondakitala wa chapa kuti akachitule ku Ulongwé. Achinyengo amatenga senti wamba yachitsulo ya 1943 n'kuikuta ndi mkuwa, kapena amatenga yamkuwa ya 1948 n'kupala nambala 8 kuti ioneke ngati 3. Chinyengo choyambacho chimagwidwa ndi maginito, ngakhale ochotsa m'sipika ya wailesi yakufa, chifukwa senti yachitsulo imamatirira pomwe yamkuwa siimatirira. Sikelo nayonso imanena zoona: yamkuwa imalemera magalamu 3.11, yachitsulo magalamu 2.7. Kasikelo kake ndi konga kamene ogula golide amayenda nako ku Chifunde ndi ku Macanga, malinga kakhale kowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Chinyengo chachiwiricho chimafuna galasi lokuza kakhumi, pakuti 3 weniweni wa chaka chimenecho ali ndi mchira wautali wotsetsereka pansi, pamene 8 wopalidwa amakhala wobulungira.

Khobidi la mametikali 10 nkhani yake ndi ina, chifukwa ndi lathu lomwe ndipo muli nalo lina m'thumba loti muyerekeze. Linapangidwa ndi zitsulo ziwiri, choyera pakati ndi chachikasu mozungulira, ndipo makobidi otere savuta kuwasewera: munthu amagogoda chapakaticho mpaka chituluke, n'kuchibwezera chokhota. Ngati chinapendekeka makina asanadinde, mphamvu ya chidindo imachiphwathalalitsa n'kuchilowetsa m'chachikasucho, ndipo chithunzi ndi zilembo zimakhala pamalo ake oyenera, zitadindidwa pamwamba pa zitsulo zonse ziwiri mosadukiza. Ngati chinachita kugogodedwa, chithunzi chapakati chimatembenukira kwina, polumikizirapo pamakhala mpata kapena timabala, ndipo nthawi zina chapakaticho chimagwedera mukachikankha ndi chala.

Mudzakumananso ndi ogulitsa onena kuti zilembo za khobidi lawo zinadindidwa kawiri. Chitsanzo chotchuka ndi senti ya ku Philadelphia ya 1955, imene chidindo chenichenicho chinali ndi zilembo ziwiriziwiri, moti munthu amaziona ndi maso okha. Makobidi ambiri amene amatsatsidwa ndi dzina limeneli ali ndi kamthunzi kaphwatalala m'mbali mwa zilembo, kobwera chifukwa chidindo chinagwedera podinda, ndipo kwa osonkhanitsa kamthunzi kameneka kalibe mtengo.

Pa makobidi okwera mtengo anthu amadalira makampani awiri a ku America, PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC imene inayamba mu 1987. Iwo amayeza khobidi n'kulitsekera m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi nambala, ndipo nambalayo mukhoza kuifufuza pa intaneti patsamba la kampaniyo. Timabokosi tabodza tiliponso, tokhala ndi nambala zokopera, choncho pamene pali chithunzi yerekezani timabala ndi timadontho ta khobidi lomwe mukutsatsidwalo ndi la pachithunzilo. Kutumiza khobidi kumeneko kuchokera kuno ku Tete kumadya ndalama zoposa mtengo wa makobidi ambiri amene timawapeza, kotero kwa ife sikelo, maginito ndi galasi ndizo zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Wogulitsa akakuonetsani chithunzi cha mtengo wa pa eBay, msika wa pa intaneti, kumbukirani kuti aliyense akhoza kulemba mtengo umene wafuna, ndipo chofunika kuona ndi mtengo wa makobidi amene anagulidwadi.

Ndikupempheninso kuti makobidi amene mwasunga kale musawatsuke. Phulusa, mchenga ndi mandimu n'zabwino pa mapoto, koma pa khobidi zimasiya timikwingwirima tosafafanizika, ndipo wogula wodziwa akangoona kuwala kwa khobidi lokwechedwa amatsitsa mtengo kapena kulibweza.

Tsono wogulitsa wanuyo mumuyankhe chonchi. Senti ya 1943 aijambule vidiyo ili pasikelo, kenako aiyandikize ku maginito, zonse m'vidiyo imodzi yosadula. Khobidi la mametikali 10 abwere nalo yekha, mukumane masana pamalo a anthu ambiri monga pamsika wa Ulongwé, inu mutatenga galasi ndi khobidi lina labwinobwino loyerekezera. Mukalitembenuza mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe n'kukhutira, pamenepo ndi pamene mungatsegule M-Pesa, khobidilo lili m'dzanja lanu.