Funsani za Umoyo: Manyumwa ndi mankhwala a kolesitolo

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndi mayi wa zaka 54 wa ku Zomba. Atandiyeza magazi anandiuza kuti kolesitolo, mafuta a m'magazi aja, yakwera ndiye anandipatsa simvastatin kuti ndizimwa usiku. Pano mwana wanga wawerenga pa foni kuti ndisiye manyumwa, pomwe pakhomo pano pali mtengo ukubereka zedi ndipo ine ndimawakonda m'mawa. Zoona zimenezi? Nanga poti ndikumwa mankhwala, ndingamadyebe kanyenya ndi mang'ina ngati kale?

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo wanena zoona ndipo mumumvere ndithu. Pa zakudya zonse zomwe timadya kuno, manyumwa ndi amene amalimbana kwambiri ndi simvastatin. M'matumbo mwathu muli ka enzyme kotchedwa CYP3A4, ntchito yake ndi kuphwanya gawo la mankhwala ena asanalowe m'magazi, ndiye adokotala akamakulemberani 20mg kapena 40mg amakhala akudziwa kale kuti si onse amene afike m'magazi. Koma manyumwa ali ndi tizinthu tomwe timapha mphamvu ya ka enzyme kaja, basi mankhwala amangodutsa ambiri kuposa momwe anawerengera, piritsi limodzi n'kugwira ngati mwamwa angapo. Izi zinatulukira mu 1989 ku Canada pomwe ofufuza ankayesa mankhwala a BP otchedwa felodipine, iwo anathira juwisi wa manyumwa pongofuna kubisa kukoma kwa mowa womwe ankayesera limodzi, n'kudabwa kuti mankhwala achuluka m'magazi mwa anthuwo.

Mwina mukuganiza kuti poti manyumwa mumadya m'mawa ndipo piritsi mumamwa usiku ndiye palibe vuto. Ayi mayi. Enzyme ija ikafooka thupi limayenera kupanga ina yatsopano, ndipo zimatenga tsiku lathunthu mwinanso mpaka masiku atatu, ndiye munthu wodya manyumwa m'mawa uliwonse amakhala sakuipatsa mpata wobwerera. Juwisi wa manyumwa nayenso ali ndi vuto lomweli. Malalanje otsekemera aja ndi manachesi idyani mwamtendere, alibe vuto limeneli.

Chomwe timaopa ndi minofu. Simvastatin ikachuluka m'magazi imatha kuwononga minofu, munthu amamva kuphwanya m'ntchafu, m'mapewa ndi m'akatumba ngati wakhala akulima tsiku lonse pomwe sanagwire khasu, miyendo kulefuka pokwera masitepe, ndipo zikafika poipa mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa zotuluka m'minofu zija zikuvutitsa impso. Sizichitika kawirikawiri, koma mukaona mkodzo wotero musadikire tsiku la kiliniki, pitani tsiku lomwelo. Ngati manyumwawo simungathe kuwasiya, kambiranani ndi adokotala, chifukwa mankhwala ena a kolesitolo monga rosuvastatin ndi pravastatin sadalira kwenikweni enzyme imeneyi ndipo mwina angakusinthireni ngati alipo. Atorvastatin nayo imakhudzidwa koma pang'ono poyerekeza ndi yanuyi. Musasinthe nokha kapena kubwereka mapiritsi a anzanu.

Za kumwa usikuzo pitirizani. Chiwindi chimapanga kolesitolo yambiri tikagona ndipo simvastatin sikhalitsa m'thupi, n'chifukwa chake anakuuzani nthawi imeneyo. Mutha kumwa mutadya kapena musanadye.

Tsopano za kanyenya, apa ndi pomwe ndimadandaula kwambiri chifukwa anthu ambiri akangolandira piritsi amati basi ndamasuka. Piritsi limachepetsa kolesitolo yomwe chiwindi chikupanga, koma mafuta a nyama aja oundana m'poto ikazizira, chikopa cha nkhuku, soseji, chips cha pa chiwaya ndi mandasi okazingidwa m'mafuta omwe awira kangapo mpaka kuda, zonsezi zimakweza LDL yomwe ndi kolesitolo yotseka mitsempha ija, ndiye mankhwala akutsitsa mbali ino inu mukukweza mbali inayo. Sindikunena kuti nyama musadzalawenso, pa ukwati kapena pa chinkhoswe idyani kachidutswa kopanda mafuta. Koma masiku wamba mbale yanu izidzaza ndi nyemba, nandolo, khobwe, therere lobala, chisoso, bonongwe ndi nkhwani zotendera nsinjiro mmalo mothira mafuta ambiri. Nyemba ndi therere zili ndi fayiba yomwe imagwira kolesitolo m'matumbo n'kutuluka nayo. Usipa, utaka ndi chambo n'zabwino, zowotcha kapena zophika ndi tomato, osati kuzisambitsa m'mafuta. Nsima ikhale ya mgaiwa ndipo muchepetse mitanda, chifukwa ufa woyera wambiri, shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera zimakweza mafuta ena a m'magazi otchedwa triglycerides. Mapeyala ndi mtedza musaziope, mafuta ake ndi abwino ku mtima bola osapyola muyeso.

FUNSO: Ndine bambo wa ku Mzuzu, ndili pa ma ARV ndipo andiyambitsa atorvastatin. Kumapeto kwa sabata ndimamwako mowa ndi anzanga. Pali choopsa?

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kutchula ma ARV. Ngati muli pa omwe ambiri akumwa masiku ano okhala ndi dolutegravir, sasemphana kwenikweni ndi atorvastatin. Koma ena aja a gulu lachiwiri okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, amatseka enzyme yomweyo mwamphamvu kuposa manyumwa, moti simvastatin siyenera kumwedwa nawo n'komwe ndipo atorvastatin amayambira pa mlingo wochepa. Ndiye tengani botolo lenilenilo mukaonetse kwa amene anakulemberani, osangoti ndimamwa ma ARV. Muchitenso chimodzimodzi akakupatsani mankhwala opha mabakiteriya otchedwa erythromycin ndi clarithromycin kapena mankhwala a TB, komanso ngati mukumwa zitsamba za m'mabotolo zogulitsa m'misika, nenani osachita manyazi.

Mowa ndi statin, gulu la mankhwala a kolesitolo monga atorvastatin wanuyu, zonse zimadutsa m'chiwindi. Botolo limodzi mwa apo ndi apo kwa munthu wa chiwindi chabwino silikhala vuto lalikulu, koma kukhala pa bawo kuyambira masana Loweruka mpaka usiku mabotolo akungobwera, kapena kachasu, kumatopetsa chiwindi, kumakweza triglycerides komanso kumawonjezera mwayi wa vuto la minofu lija. Ndipo chonde musamadumphe piritsi Lachisanu ndi Loweruka pofuna kupereka malo kwa mowa, chepetsani mowawo. Maso akayamba chikasu kapena mukamamva kuwawa kumanja pansi pa nthiti, kayezetseni chiwindi msanga.