Mwendo umene anauponya ndi parachuti ku Saint-Omer

Bambo wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo. Akufunsa kuti: "Ndinamva kuti pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse panali woyendetsa ndege wa ku Britain wopanda miyendo, ndipo atagwidwa, Ajeremani analola kuti anzake amutumizire mwendo wina. Kodi zinachitikadi, kapena ndi nthano za pa Facebook?"

Zinachitikadi, bambo. Kungoti ambiri akamaisimba nkhaniyi amathiramo shuga wochuluka.

Munthuyo dzina lake ndi Douglas Bader. Miyendo sanaduke kunkhondo ayi. Mu Disembala 1931 ankaonetsa luso pouluka chapansipansi pa bwalo la ndege la Woodley, pafupi ndi Reading ku England, phiko n'kukhudza pansi. Madokotala anamudula miyendo yonse iwiri, wakumanja pamwamba pa bondo, wakumanzere m'munsi mwa bondo. Anaphunzira kuyenda ndi miyendo yachitsulo, koma mu 1933 anamupumitsa ntchito ku RAF, gulu la ndege zankhondo la ku Britain. Nkhondo itayamba mu 1939 anawakakamira mpaka anamulola kubwerera, ndipo pofika 1941 ankatsogolera magulu a ndege za Spitfire ochokera ku bwalo la ndege la Tangmere.

Pa 9 Ogasiti 1941, akumenyana m'mlengalenga kumpoto kwa France, ndege yake inaduka kumchira n'kuyamba kugwa mozungulira. Iye ankakhulupirira kuti anawombana ndi ndege ya Ajeremani ya Messerschmitt 109, koma ofufuza ena a pambuyo pake akuti n'kutheka kuti anamuwombera ndi mnzake wa ku Britain yemwe, mosazindikira. Pofuna kudumpha, mwendo wakumanja unakodwa m'ndegemo. Lamba womangira mwendowo anaduka, iye n'kupulumuka, mwendo n'kupita ndi ndege. Ukanakhala mwendo wobadwa nawo, bwenzi atafera momwemo.

Ajeremani anamugwira n'kumugoneka m'chipatala cha ku Saint-Omer, ku France komweko. Adolf Galland, katswiri wa ndege zankhondo wa Ajeremani, anamuitana ku bwalo lawo, anamulandira mwaulemu mpaka kumulola kukhala m'ndege ya 109. Bader anapempha kuti aiulutse pang'ono. Galland sanali mwana, anakana. Kenako Ajeremani anauza a ku Britain kuti ndege imodzi ibweretse mwendo wina ndipo saiwombera.

A ku Britain anakana ulemu umenewo, posafuna kuti adani awo atchuke nawo. Pa 19 Ogasiti mwendowo anauika m'bokosi n'kuuponya ndi parachuti kuchokera m'ndege ya Blenheim, imene inali m'gulu lopita kukaponya mabomba pa malo opangira magetsi ku Gosnay. Mphatso ndi mabomba zinakwera ulendo umodzi.

Tsono pali mbali ina imene imandiwawa chifukwa siimatchulidwa kawirikawiri. M'masiku omwewo Bader anathawa m'chipatala usiku, potsika pawindo ndi nsalu zogonera zolumikizalumikiza. Anamuthandiza ndi mayi wina wa ku France wogwira ntchito m'chipatalamo, ndipo banja lina la anthu achikulire linamubisa kunyumba kwawo. Wina anakaulula. Bader atamugwiranso, anangomutumiza ku misasa ya akaidi a kunkhondo, pakuti Pangano la ku Geneva la 1929 linkateteza msilikali wogwidwa: kuthawa sunali mlandu waukulu, chilango chake sichinkayenera kupitirira masiku 30 m'chitolokosi, ndipo ofesala sankakakamizidwa kugwira ntchito. Koma anthu wamba amene anamuthandiza analibe chitetezo chimenecho. Anawatumiza ku Germany kukagwira ntchito yakalavulagaga. Ulemu wa Galland unali wa pakati pa maofesala okhaokha, sunafike kwa mayi wa m'chipatala uja.

Bader sanasiye kuyesa kuthawa ndi kuputa alonda, mpaka Ajeremani ankamuopseza kuti amulanda miyendoyo. Mu Ogasiti 1942 anamutumiza ku Colditz, linga lakale la ku Germany limene ankasungako akaidi osamva, ndipo anakhala kumeneko mpaka asilikali a ku America anawamasula mu Epulo 1945.

Kuti anali wolimba mtima, palibe angatsutse, ndipo nkhondo itatha anachita zambiri zolimbikitsa anthu olumala mpaka anamwalira mu 1982. Komabe musamuone ngati mngelo. Ku Colditz kunali msilikali wina wothandiza odwala, Alex Ross, amene ankamubereka kumsana pokwera masitepe a lingalo. Mu 1943 unapezeka mwayi woti Ross abwerere kwawo pa kusinthana akaidi, popeza anali wa zachipatala. Ross anadzasimba yekha kuti Bader anakaniza zimenezo pofuna kuti asataye womutumikira, moti iye anakhalabe m'ndendemo mpaka nkhondo itatha.